Mbiri ya Mbewa Yosakumbidwa ndi Zithunzi za Mizere

Nkhani yathu ya lero ndi ya mbewa, koma musathamangire khasu kapena kusonkha moto pa una, pakuti mbewa imeneyi imakhala pa tebulo pambali pa kompyuta ndipo siidya mapira a munthu. Ambiri amaitchula kuti mausi, potsata dzina lake la Chingerezi limene tanthauzo lake ndi mbewa yomweyo. Tiona kumene inachokera, anthu amene anaipanga, ndi chimene chimachitika m'kati mwa makina munthu akaloza nayo chithunzi n'kudina batani. Pomaliza tiona chifukwa chake mwana wa ku Msoro, m'boma la Mambwe, ayenera kuzidziwa zimenezi, ngakhale sukulu yake itakhala ndi kompyuta imodzi yokha kapena ilibe n'komwe.

Mikanda ndi zikhomo

Tiyambe ndi zithunzi. Kompyuta imasunga chithunzi mwa njira ziwiri. Njira yoyamba ifanana ndi ntchito ya mayi wolunga mikanda. Chithunzi chonse chimagawidwa m'timadontho ting'onoting'ono, kadontho kalikonse ndi mtundu wake, ndipo makina amakumbukira mtundu wa kadontho kalikonse. Zithunzi zojambulidwa ndi kamera zimasungidwa motero. Mukachikuza kwambiri chithunzi chotere, timadontho timayamba kuonekera ndipo nkhope ya munthu imasanduka mabwalamabwala.

Njira yachiwiri ifanana ndi ntchito ya mmisiri woyeza maziko a nyumba. Iye amakhoma zikhomo zinayi pansi n'kumanga chingwe kuchokera pa chikhomo china kufika pa chinzake. Akafuna nyumba yozungulira, amakhoma chikhomo chimodzi pakati, namangirirapo chingwe, nazungulira nacho akulemba pansi. Kuti mmisiri wina amange nyumba yofanana nayo kumudzi kwina, safunika kunyamula dothi la pamalowo. Angouzidwa malo a zikhomo ndi kutalika kwa chingwe. Zithunzi za mizere, zimene akatswiri amazitcha za vekita, zimasungidwa chomwecho. Makina amasunga malangizo akuti yamba apa, lemba mzere kufika apo, khota, tseka, paka mtundu wobiriwira m'kati. Chithunzi chotere mungachikuze mpaka kukula ngati khoma la kalasi, mizere yake ikhalabe yosalala, chifukwa makina amachilemba mwatsopano nthawi iliyonse. Mapu a misewu, malire a minda ndi zilembo zimene timasindikiza zimasungidwa mwa njira imeneyi.

Nzeru yotchula malo ndi manambala awiri, ina yopingasa ndi ina yotsika kapena yokwera, ndi yakale kuposa kompyuta. Imadziwika ndi dzina la René Descartes, katswiri wa masamu wa ku France, amene anasindikiza buku lake la nkhaniyi m'chaka cha 1637. Ana a m'makalasi apamwamba amene anajambulapo girafu pa pepala la timabokosi agwiritsa kale nzeru yomweyo.

Cholembera chowala

Makompyuta oyamba analibe choloza nacho. Munthu ankalankhula nawo ndi makadi obooledwa kapena polemba mawu, ndipo yankho linkabwera patapita nthawi. M'zaka za m'ma 1950, akatswiri a ku America amene ankapanga makina olondera ndege m'mlengalenga anakonza chipangizo chogwira m'manja chimene msilikali ankalozetsa pa galasi la kompyuta kuti asankhe ndege imene afuna kuitsata. Kuchokera pamenepo kunabadwa cholembera chowala.

M'chaka cha 1963, wophunzira wina wa pa sukulu yaukachenjede ya MIT, dzina lake Ivan Sutherland, anamaliza pulogalamu yotchedwa Sketchpad pa kompyuta yaikulu ya TX-2. Ndi cholembera chowala ankalemba mizere ndi zozungulira pa galasi, kuzigwira, kuzisuntha, kuzikuza, ndi kulamula makina kuti mizere iwiri ikhale yofanana kutalika. Anthu ambiri amawerenga ntchito imeneyi ngati chiyambi cha kujambula ndi kompyuta, ndipo m'chaka cha 1988 Sutherland analandira mphotho ya Turing, imene ndi ulemu waukulu pakati pa akatswiri a makompyuta.

Kagwiridwe ntchito ka cholembera chija n'kosangalatsa. Icho sichinkatulutsa kuwala, koma chinali ndi diso loona kuwala. Galasi la masiku amenewo linkawalitsa mbali za chithunzi imodziimodzi mofulumira kwambiri, mobwerezabwereza. Kuwala kukafika pamene munthu waika cholembera, diso lija linkadziwitsa makina nthawi yomweyo, ndipo popeza makinawo ankadziwa chimene anali kulemba pa kamphindi kameneko, ankazindikira kuti munthu waloza chimenecho. Zinali monga mphunzitsi woitana maina m'kaundula, amene amadziwa mwana amene wayankha chifukwa ndiye amene dzina lake langotchulidwa. Vuto lake linali lakuti mkono unkatopa, pakuti munthu ankaukweza ku galasi tsiku lonse.

Kubadwa kwa mbewa

Pa nthawi yomweyo, ku Stanford Research Institute m'chigawo cha California, kunali Douglas Engelbart, munthu amene ankakhulupirira kuti kompyuta iyenera kuthandiza anthu kuganiza ndi kugwirira ntchito pamodzi. Iye analingalira za kachipangizo koyenda pa tebulo, ndipo mnzake Bill English anakapanga m'chaka cha 1964. Kanali kabokosi ka thabwa, ka batani limodzi pamwamba ndi timawilo tiwiri pansi, kena koyeza ulendo wopita kumanja ndi kumanzere, kena koyeza ulendo wopita kutsogolo ndi kumbuyo. Chingwe chake chinkaoneka ngati mchira, ndipo dzina lakuti mbewa linachokera pamenepo. Gulu la Engelbart linayesa zipangizo zingapo zolozera, ngakhale china choyendetsa ndi bondo, ndipo mbewa ndiyo inapambana pa liwiro ndi pa kusaphonya.

Pa 9 Disembala 1968, mu mzinda wa San Francisco, Engelbart anaonetsa ntchito yake kwa anthu pafupifupi 1,000 kwa mphindi 90. Anaona kwa nthawi yoyamba munthu akusuntha dzanja pa tebulo, kadontho n'kumayenda pa galasi, akusankha mawu ndi kuwasamutsa. M'chaka chomwecho kampani ya Telefunken ku Germany inatulutsa chipangizo chofanana nacho chokhala ndi mpira pansi. Bill English atasamukira ku Xerox PARC anakonzanso mbewa ya mpira, ndipo kompyuta ya Alto ya 1973 inagwiritsa ntchito mbewa pamodzi ndi galasi la timadontho. Pambuyo pake panabwera Xerox Star mu 1981, Apple Lisa mu 1983, ndi Macintosh mu Januwale 1984, imene inafikitsa mbewa m'manja mwa anthu wamba. Windows yoyamba ya kampani ya Microsoft inatuluka mu 1985. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mbewa zoona ndi kuwala zinayamba kulowa m'malo mwa za mpira, zimene zinkadzaza fumbi ndi kufuna kupukutidwa kawirikawiri. Engelbart anamwalira mu 2013.

Zithunzi za mizere nazonso zinali kukula. Akatswiri awiri a m'makampani a galimoto ku France, Paul de Casteljau wa ku Citroën ndi Pierre Bézier wa ku Renault, anapeza njira yofotokozera mzere wokhota ndi timfundo towerengeka, kuti thupi la galimoto lijambulidwe molondola. Kampani ya Adobe inagwiritsa njira imeneyi m'chinenero cha makina osindikizira chotchedwa PostScript mu 1984, ndi m'pulogalamu yojambulira ya Illustrator mu 1987. M'chaka cha 2001, bungwe la W3C, limene limakhazikitsa malamulo a masamba a pa intaneti, linavomereza kalembedwe ka SVG, kamene mapulogalamu ambiri angathe kuwerenga. Pulogalamu yaulere ya Inkscape, imene inayamba mu 2003, imasunga zojambula zake m'kalembedwe kameneka.

Zimene zimachitika mukadina

Tsono mvetsetsani bwino, pakuti apa ndi pamene pagona phunziro. Mbewa ilibe maso oona galasi. Chimene imadziwa n'chakuti yasuntha pang'ono kumanja kapena kumanzere, kutsogolo kapena kumbuyo, ndiponso kuti batani latsindikizidwa kapena lasiyidwa. Galasi la masiku ano nalonso ndi timadontho tokhatokha. Lambiri lili ndi timadontho 1,920 mopingasa ndi 1,080 motsika, ndipo silidziwa kuti timadontho tina tapanga nyumba, tina mtsinje. Chinyengo cha cholembera chowala sichigwiranso ntchito pamenepa. Motero pulogalamu iyenera kuwerengera yokha chimene munthu waloza.

Chilichonse chimene dzanja lachita chimasanduka kauthenga. Kauthengako kamanena chimene chachitika, kaya ndi kusuntha, kutsindikiza kapena kusiya batani, kamanena batani lake, nthawi yake, ndi manambala awiri a malo amene kamuvi kanali. Pa galasi manambalawa amayambira pa ngodya ya pamwamba kumanzere, ndipo nambala yachiwiri imakula potsika. Timauthengati timaima pa mzere monga anthu pa chigayo, ndipo pulogalamu imatenga kamodzikamodzi, kuchita zoyenera, ndi kubwerera kukatenga kotsatira. Pulogalamu ikachedwa pa kauthenga kamodzi, ena onse amadikira, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene timati kompyuta yauma.

Tiyerekeze kuti pa galasi pali mapu a mudzi, ndipo mwadina pamalo a 350 mopingasa ndi 180 motsika. Choyamba pulogalamu imasandutsa manambala a pa galasi kukhala manambala a pa mapu, pakuti mwina mapuwo munawakuza kapena kuwakankhira pambali. Mmisiri wa pulogalamu akaiwala sitepe imeneyi, munthu amadina munda wina, makina n'kusankha wa mnzake. Chachiwiri imayang'ana m'ndandanda wa zinthu zonse zojambulidwa, kuyambira chimene chili pamwamba pa zinzake, chifukwa ngati chitsime chajambulidwa pamwamba pa munda, wodina chitsime afuna chitsimecho. Chachitatu imayesa mwachidule. Chinthu chilichonse chili ndi bokosi losaoneka lochizinga. Ngati munda wa thonje uli m'bokosi loyambira 200 kufika 500 mopingasa ndi 100 kufika 300 motsika, malo athu a 350 ndi 180 ali m'bokosimo, ndipo mundawo uyenera kufufuzidwa. Minda imene mabokosi ake ali kutali imasiyidwa msanga, ndipo nthawi imapulumuka.

Koma munda sukhala wa ngodya zinayi zowongoka nthawi zonse. Umakhota potsata mtsinje kapena chulu, kotero malo angakhale m'bokosi koma kunja kwa munda. Apa makina amagwiritsa nzeru imene mwana wa Giredi 4 angaimvetse. Yerekezani kuti mwaimirira pamalo ena usiku ndipo simukudziwa ngati muli m'kati mwa dimba lotchingidwa ndi mpanda kapena kunja. Yendani molunjika osakhota kufikira mutafika kutali kwambiri, mukuwerenga kuti mwadumpha mpanda kangati. Mukadumpha kamodzi, katatu kapena kasanu, munali m'kati. Mukapanda kudumpha, kapena mukadumpha kawiri kapena kanayi, munali kunja, pakuti kulowa kulikonse kunali ndi kutuluka kwake. Makina amalemba mzere wosaoneka kuchokera pamene mwadina, nawerenga malire amene mzerewo wadula. Maziko a nzeru imeneyi ndi mfundo ya Camille Jordan, katswiri wa masamu wa ku France, ya m'chaka cha 1887, yakuti mzere wotsekeka wosadzipingasa umagawa malo pawiri, m'kati ndi kunja.

Njira yopapatiza kapena mtsinje wojambulidwa ndi mzere woonda uli ndi vuto lake, chifukwa dzanja la munthu silingagwere pa kadontho kamodzi ndendende. Choncho amisiri amalola kuti kudina pafupi ndi mzere, motalikira timadontho towerengeka, kuwerengedwe ngati kuukhudza. Ayeneranso kusiyanitsa kudina ndi kukoka. Batani likatsindikizidwa n'kusiyidwa pamalo omwewo, kumeneko ndi kudina. Likatsindikizidwa mbewa n'kuyenda lisanasiyidwe, kumeneko ndi kukoka, ndipo chinthu chogwidwacho chimatsata kamuvi. Kudina kawiri kumazindikirika ndi nthawi: pa Windows, mwa chizolowezi, kudina kwachiwiri kuyenera kufika theka la sekondi lisanathe.

Chinthu chikapezeka, uthenga umaperekedwa kwa icho. Ngati mmisiri sanachipatse malangizo a chochita ndi uthenga wotere, m'mapulogalamu ambiri uthengawo umakwera kwa gulu limene chinthucho chili, ndipo ukakanika pamenepo umakweranso kufikira ku chithunzi chonse. Aphunzitsi angafanizire zimenezi ndi mlandu wa pamudzi, umene umayamba kwa mwini mbumba, ukalephereka upita kwa mfumu ya mudzi, ndipo ukakula ufika ku bwalo la mfumu yaikulu. Ukathera pansi, sukweranso. Zonsezi zimachitika munthu asanaphethire.

Nkhaniyi m'chigwa cha Luangwa

Wina angafunse kuti za ku California zikukhudza bwanji anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Lupande. Msoro ndi malo akale a maphunziro m'chigwachi. Wansembe Leonard Kamungu, wochokera ku Chia pafupi ndi Nkhotakota, anayambitsa mishoni pamenepo pakati pa Akunda, ndipo anamwalirira pomwepo m'chaka cha 1913. Kuyambira nthawi imeneyo ana a m'derali akhala akuphunzira kulemba, poyamba pa mchenga ndi pa sileti, kenaka m'makope. Kompyuta ndi cholemberapo chatsopano pa mndandanda womwewo.

Mapu a pa kompyuta anafika m'chigwachi kale kuposa mmene ambiri amaganizira. Dera la Lupande limachita malire ndi nkhalango ya zinyama ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa ngati paki m'chaka cha 1972. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma linayambitsa ndondomeko ya ADMADE, yopatsa anthu a m'midzi gawo pa kusamala zinyama, ndipo sukulu yake yophunzitsira alonda a m'midzi inali ku Nyamaluma, m'dera lomweli la Lupande. Alondawo ankalemba zimene aona poyendera tchire, monga zinyama, misampha ndi misasa ya opha nyama mozemba, ndipo zolembazo zinkaikidwa pa mapu a pa kompyuta kuti mafumu ndi anthu awo aone mmene dziko lawo lilili. Dale Lewis, mmodzi wa otsogolera ntchitoyo, anafalitsa nkhani yake m'magazini ya akatswiri m'chaka cha 1995.

Pambuyo pake njira yomweyi inafika pa minda. Lamulo la malo la Zambia la 1995 limavomereza malo osungidwa mwa mwambo pansi pa mafumu, koma kwa nthawi yaitali malire a minda yotere ankasungidwa m'mitu ya akuluakulu, m'mitengo ndi m'zulu. Kuyambira cha m'ma 2014, mabungwe oona za malo ku Chipata ndi ku Petauke anagwira ntchito ndi mafumu ena kuyendera malire a minda pamodzi ndi eni ake ndi anansi awo, kuwajambula pa mapu a pa kompyuta, ndi kupereka zikalata zosainidwa ndi mfumu. Pa mapu otere munda wa banja ndi chithunzi cha mizere, ndipo ngodya iliyonse ndi kachikhomo kamene kalaliki angakagwire ndi mbewa.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti mapu achepetsedwa kotero kuti kadontho kamodzi pa galasi kakuimira mamita 2 pansi. Kalaliki afuna kungodina malire kuti awaone, koma dzanja laterereka timadontho 5 batani lisanasiyidwe, ndipo makina awerenga kuti wakoka. Malirewo asuntha mamita 10. Ngati mbali imeneyo ya munda ndi yotalika mamita 100, malo amene achoka kwa banja lina kupita kwa lina ndi masikweya mita 1,000. Lima imodzi, imene ndi mamita 50 mbali zonse, ili ndi masikweya mita 2,500. Choncho kuterereka kosaoneka ndi maso kwadya pafupifupi theka la lima. N'chifukwa chake amisiri osamala amakonza mapulogalamu a mapu kuti malire asasunthike munthu asanatsegule dala chilolezo chosintha, kuti kusuntha kochepa kwambiri kusawerengedwe ngati kukoka, ndiponso kuti pakhale njira yobwezera zimene zachitika. N'chifukwa chakenso mapu amabwezedwa kumudzi kuti eni minda awaone asanasainidwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu kwa aphunzitsi

Phunziro la makompyuta linalowa m'ndondomeko ya maphunziro a Zambia ya 2013, ndipo mayeso oyamba a Giredi 9 analembedwa mu 2015. M'sukulu zambiri makina anali ochepa ndipo magetsi ankavuta, kotero ana ena anadikira mpaka usiku kuti apeze mpata wokhala pa kompyuta. Mwana wogwira mbewa kwa nthawi yoyamba pa tsiku la mayeso amanjenjemera, ndipo akale anati mbewa ya manyazi inafera ku una. Komabe zambiri zimene tafotokoza lero zingaphunzitsidwe pabwalo popanda magetsi.

Lembani pansi bwalo la mapazi 20 mopingasa ndi 15 motsika, muike manambala m'mbali. Ndi zikhomo ndi chingwe pangani minda itatu yokhotakhota, ndipo pamwamba pa munda umodzi ikani chibakuwa choimira chitsime. Munda uliwonse ukhale ndi mwana woimirira, chitsimenso chikhale ndi wake. Mwana wina akhale kamuvi, aziyenda monga mwa malangizo a mnzake amene ali mbewa, wongonena kuti mapazi atatu kumanja, awiri kutsika, dina. Wina akhale pulogalamu: alandire manambala, afunse wa chitsime poyamba popeza ali pamwamba, kenaka a minda, ndipo pokayikitsa ayende molunjika akuwerenga zingwe zimene wadumpha. Masewerawa akatha, funsani ana mafunso awa.

1. Kodi chithunzi cha timadontho chisiyana bwanji ndi chithunzi cha mizere?
2. Ndani analingalira za mbewa, ndipo yoyamba inapangidwa ndi chiyani?
3. Mwayenda molunjika ndipo mwadumpha mpanda kanayi. Kodi munali m'kati mwa dimba kapena kunja?
4. Ngati kadontho kamodzi kakuimira mamita 3, ndipo malire otalika mamita 50 akokedwa timadontho 4, ndi malo aakulu bwanji amene asuntha?
5. Chifukwa chiyani mapu a minda ayenera kuonetsedwa kwa eni ake asanasainidwe?

Aphunzitsi asunge mayankho a ana m'makope, ndipo kumene kuli kompyuta, mwana aliyense apatsidwe mpata wojambula munda wa kwawo ndi kuugwira ndi mbewa.